MUSANABZALE DUWA LA FUCHSIA, YAMBANI MWAKONZA MTHUNZI

Pali duwa lina limene ogulitsa mbande za maluwa m'matauni amakonda kuliika patsogolo, pakuti adziwa kuti munthu wodutsa sangalephere kuima ndi kulipenyetsetsa. Dzina lake limalembedwa fuchsia, koma pochula ambiri amati fyusha. Maluwa ake sayang'ana kumwamba monga acitira maluwa ena. Amalendewera pansi ngati ndolo za mkwatibwi, kunja kuli kofiira, m'kati muli moyera kapena mwa mtundu wa bilinganya, ndipo kunsi kwake kumatuluka timaulusi tonyamula mungu. Anthu olankhula Cipwitikizi analipatsa dzina lakuti brinco-de-princesa, ndiko kunena kuti ndolo ya mwana wamkazi wa mfumu, ndipo ali yense amene analionapo abvomereza kuti dzinalo silinama.

Tsono cimene cimacitika kawirikawiri ndi ici. Munthu wapita ku Chipata kapena ku Lusaka kukagulitsa nshawa zake, waona duwalo, mtima wamukoka, wagula kambande kamodzi. Pofika kumudzi afuna kuti ali yense wodutsa aone, motero akumba dzenje pakati penipeni pa bwalo losesedwa bwino, pamene dzuwa limaomba kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Athirira mokhulupirika tsiku ndi tsiku. Pakufika mwezi wa Okutobala masamba afota, maluwa ayoyoka asanamasule, ndipo kwatsala kamtengo kouma. Pamenepo mlandu umagwera wogulitsa uja kuti ndi wakuba, kapena mwini duwa amadzinena kuti ali ndi dzanja loipa, kapenanso amayang'ana mnansi wake ndi diso lokayika.

Ife tikuti mlandu uli pa malo amene duwalo linaikidwa. Fuchsia ndi mbeu ya m'mthunzi, ndipo pakhomo popanda mtengo kapena khonde sipangakhale kwao. Munthu amene alifuna ayambe waganiza za mthunzi, ndalama ya mbande ibwere pambuyo. Wopanda mthunzi asataye ndalama yake, koma ayambe wabzala mtengo. Awa ndiwo mau athu lero, ndipo zifukwa zake ziri m'munsimu.

KWAO KWA DUWALI

Kuti mlendo umsamale bwino uyenera kudziwa kumene acokera. Mitundu ya fuchsia yomera yokha m'chire iripo yopitirira 100, ndipo yambiri mwa iyo kwao ndi ku South America ndi ku Central America, makamaka m'mapiri a Andes. Yowerengeka cabe ndiyo ipezeka ku New Zealand ndi pa cisumbu ca Tahiti. Munthu wa ku Ulaya woyamba kulemba za duwali anali wansembe wa ku France, Charles Plumier, amene analipeza pa cisumbu ca Hispaniola, pamene lero pali maiko a Haiti ndi Dominican Republic. Iye anafalitsa za duwali m'caka ca 1703, nalicha dzina pokumbukira Leonhart Fuchs, dokotala wa ku Germany wodziwa za zitsamba, amene anamwalira mu 1566 asanalione n'komwe. Kucokera nthawi imeneyo alimi a maluwa akhala akukwatitsa mtundu uwu ndi uwo, kotero kuti lero mitundu ya m'minda iri zikwizikwi.

Cofunika kwa ife ndi makhalidwe a kwaoko. M'mapiri a Andes fuchsia imamera m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mbali mwa timitsinje, kumene nkhungu imakuta mitengo, nthaka iri ya masamba oolerana, ndipo madzi amadutsa osaima. Ku Chile mtundu wochedwa Fuchsia magellanica, umene eni dziko amaucha chilco, umakonda m'magombe a mitsinje ya kumwera kozizira. Mtundu womwewo unatengedwa kupita ku Ireland, dziko la mvula ndi mitambo, ndipo kumadzulo kwa dzikolo wasanduka mipanda ya m'mbali mwa miseu. Ku New Zealand kuli mtundu umene umakula kukhala mtengo weniweni wopitirira mamita 10, ndipo anthu a Cimaori amadya zipatso zake. Konseko cinthu ncimodzi: mphepo yozizira, cinyezi, ndi dzuwa losapsereza.

Cifukwa cace duwali limakondwa pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 15 ndi 25. Kukapitirira madigiri 27 mitundu yambiri imacepetsa maluwa, ndipo kukapitirira 30 imangolimbana ndi imfa, makamaka ngati mizu yatenthedwa. Cisanu naco cimapsereza masamba ndi nthambi zanthete. Mbeu yotere siingasinthe cibadwa cake cifukwa cakuti mwini wake waikonda kwambiri.

KUMENE LINGAKHALE KUNO KWATHU

Dziko lathu liri ndi mwai umodzi, ndiwo wakuti mbali yake yaikulu iri pamtunda. Chipata iri pafupifupi mamita 1,100 pamwamba pa nyanja yamcere, Lusaka pafupifupi 1,300, Mbala yopitirira 1,600, ndipo mapiri a Nyika apitirira 2,000. Kukwera kumeneku ndiko kumatipatsa usiku wozizira ndi miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi imene munthu amafunda bulangete. Motero anthu a kumtunda, monga a ku Chipata, Katete, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi, angathe kulisunga duwali. Komabe asadzinamize, pakuti ngakhale kumeneko masana a Okutobala amapitirira madigiri 30. Miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala ndiyo mayeso, ndipo wopambana mayesowo ndi iye amene ali ndi mthunzi.

Kwa abale athu a m'cigwa ca Luangwa tiyenera kunena mosabisa. Ku Mfuwe nthaka iri pafupifupi mamita 550 cabe, ndipo mvula isanagwe kutentha kumafika madigiri 40. Cimodzimodzi ku Luangwa boma, kumene Luangwa akumana ndi Zambezi. M'malo otere fuchsia ndi ndalama yotayika, ngakhale muiike pansi pa mkuyu waukulu, cifukwa mphepo yeniyeniyo imatentha ngati ya m'ng'anjo. Palibe manyazi pamenepa. Maluwa okonda dzuwa alipo, monga bougainvillea ndi frangipani, amene amakongoletsa pakhomo popanda kulira madzi ambiri. Wogulitsa amene auza munthu wa kucigwa kuti fuchsia imera ponseponse akumdyera ndalama, ndipo wogula amene safunsa akumbukire kuti safunsa anadya phula.

Posankha mbande, maso asathamangire duwa lalikulu la masamba ounjikana ngati diresi la ukwati. Mitundu imeneyo ndiyo yoyamba kugonja kukatentha. Olimba ndi aja a maluwa ang'onoang'ono, ndiponso a maluwa atali ngati kampope, ofiira ngati moto, omera m'magulu kunsonga ya nthambi, amene masamba ao ali oderako ndi ofiirira kunsi. Amenewa acokera ku Fuchsia triphylla, mtundu uja wa ku Hispaniola, ndipo umodzi wodziwika bwino ndi Gartenmeister Bonstedt. Apirira kutentha kuposa anzao, ngakhale kuti cisanu amaciopa kwambiri.

KODI MALUWA NDI NDIWO?

Tidziwa kuti ena mwa owerenga athu afika pano akupukusa mitu. Akuti, kodi duwa n'kudyera nsima? Madzi amene mai wasenza pamutu kucokera ku citsime ca kutali, kodi athere pa cinthu congoyang'ana? Funso limeneli ndi la nzeru ndipo sitilinyoza. Tonse tikumbukira cilala cimene boma linacilengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, pamene cimanga cinauma m'minda ndipo zitsime zinaphwa. M'caka cotere mwana, ciweto ndi dimba la ndiwo ziyenera kutsogola, duwa lidze pambuyo penipeni. Munthu amene athirira maluwa pamene repu ndi matimati zikufota wasokoneza mutu ndi mcira.

Koma tiyeni tiwerenge bwino. Sitikunena za munda wa maluwa. Tikunena za miphika iwiri kapena itatu yokhala pamthunzi, imene m'nyengo yozizira imakhuta ndi makapu owerengeka pa masiku awiri kapena atatu. Madzi otsukira ndiwo kapena mpunga, amene tsiku liri lonse amakhutulidwa pabwalo, akwanira. Pamenepa mthunzi uja ubweranso: mphika wokhala padzuwa umamwa kawiri kapena katatu kuposa wokhala pamthunzi, ndipo duwa lake limafabe. Motero amene adandaula za madzi ndi amene anena za mthunzi akunena cinthu cimodzi. Ndipo ngati abambo ndiwo alikonda duwalo, asenze okha cidebe, asaonjezere mtolo pamutu pa amai.

Cina ncakuti duwali ndi mphunzitsi. Mwana amene waphunzira kudula kanthambi ndi kukameretsa mizu, kusakaniza dothi loti madzi azidutsa, ndi kutembenuza tsamba kuti aone tizirombo tisanaculuke, waphunzira nchito imene idzamthandiza pa nazale ya matimati, ya fodya ndi ya mitengo ya zipatso. Komanso tisabvomere bodza lakuti kukongola kwa pakhomo ndi kwa anthu a m'mayadi okha. Amai athu akhala akutsutsa bodza limeneli kuyambira kale, pozira nyumba ndi dothi la mitundumitundu ndi polemba maluwa pa zipupa. Munthu wa kumudzi ali ndi maso monga wa m'tauni, ndipo akaweruka kumunda ayenera kukhala ndi pena pamene maso ake angapumulire.

MTHUNZI WAKE UKHALE WOTANI

Si mthunzi uli wonse umene uyenera. Pakati pa mtengo waukulu wa mango, pamene ngakhale udzu sumera, pali mdima woposa, ndipo fuchsia ikakhala pamenepo imangotalika nthambi zoonda popanda maluwa. Cimene ifuna ndi dzuwa la m'mawa, kuyambira potuluka kufikira ca m'ma 9 kapena 10 koloko, kenaka mthunzi kufikira madzulo. Malo otere apezeka ca kum'mawa kwa nyumba, pansi pa khonde, kapena m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo ca kum'mawa kwake. Mbali ya kumadzulo ipewedwe, pakuti dzuwa la masana limatenthetsa cipupa ndipo cipupaco cimapitiriza kutulutsa moto ngakhale dzuwa litalowa. Pansi pa malata opanda siling'i napo mpotentha. Mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imaumitsa masamba ndi kuthyola nthambi, cotero mpanda wa udzu uchinge mbali imene mphepoyo icokera.

Apa ndi pamene tipempha eni makomo kuti ayang'ane pabwalo pao moona mtima. Makomo ambiri lero ali mbee, mitengo inatha ndi nkhwangwa, ina inapita ku makala, ina inadulidwa cifukwa cakuti masamba ake amadetsa pabwalo. Pakhomo pamene fuchsia ikufa ndi dzuwa ndi pomwenso nkhalamba isowa pokhala masana, mwana wakhanda asowa pogonekedwa, ndi nkhuku ziyasama kukamwa ndi befu. Duwalo langoulula bvuto limene linalipo kale. Bzalani mango, mapeyala, magwafa kapena malalanje, ndipo mudzadya zipatso pamwamba pa mthunzi. Amene ali ndi malo aakulu aganizire za msangu, mtengo wodabwitsa umene umakhala ndi masamba m'cilimwe ndi kuwayoyola mvula ikayamba, ndiko kuti umapereka mthunzi pa miyezi yeniyeni imene mthunzi usowa. Uikidwe kutali ndi nyumba pakuti umakula kwambiri. Bulugamu asayandikire, cifukwa amamwa madzi ambiri a m'nthaka.

Mtengo umatenga zaka, inde, koma pali zocita poyembekeza. Nthoci zobzalidwa kumene kumathera madzi a kubafa zimapereka mthunzi caka cisanathe. Kacisakasa ka mitengo inai ndi udzu woyala mopyapyala, konga kamene timamangira nazale, kangamangidwe tsiku limodzi. Udzuwo ukhale wolola kuwala kudutsa mwa apo ndi apo.

MPHIKA, DOTHI NDI MADZI

Kuno kwathu nkwabwino kubzala fuchsia mumphika kusiyana ndi m'nthaka, cifukwa mphika unganyamulidwe kuthawa dzuwa, cisanu kapena mvula yamphamvu, ndiponso ciswe sicifika msanga. Mphika woposa yonse ndi wadothi. Mtsuko wakale umene unang'aluka ndipo sungasungenso madzi usataidwe: monga umaziziritsa madzi akumwa, momwemonso udzaziziritsa mizu. Citini ca citsulo ndi cidebe cakuda ca pulasitiki zimatentha msanga, ndipo ngati ndizo muli nazo, zikulungeni ndi saka kapena muziike m'kati mwa dengu lakale. Ciri conse cimene mwasankha cibooledwe kunsi mabowo angapo, muike timapale pansi, ndipo cikhale pa njerwa kapena pa thandala kuti madzi azituluka ndi kuti nkhuku zisafukule.

Dothi likhale lofanana ndi la kwao kwa duwali. Tengani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, pamene masamba akhala akuolerana, gawo limodzi la manyowa a m'khola amene anaola kotheratu mpaka osanunkha, ndi gawo limodzi la mcenga wa kumtsinje. Mukafumbata dothilo liri lonyowa ligwirane pang'ono, koma mukaligunda ndi cala limwazike. Dothi la pa culu ndi la makande a kudambo zisalowemo, pakuti zimagwira madzi ndi kutsamwitsa mizu. Manyowa aawisi, makamaka a nkhuku, amaocha. Pamwamba yalani udzu wouma kapena makoko a nshawa kuti cinyezi cisathawe.

Pa kuthirira ndi pamene ambiri amaphera duwa lao ndi cikondi. Lamulo ndi cala: pisani cala m'dothi, ngati muli mouma thirirani kufikira madzi atuluke kunsi, ngati muli monyowa lekani. Nthawi yabwino ndi m'mamawa. Masana a Okutobala mudzaona masamba atagwa ngati duwa likufa ndi ludzu, cikhalireco dothi liri lonyowa. Musathire madzi pamenepo. Mizu ikatenthedwa imaleka kumwa, ndipo madzi oonjezera amangoiphika ndi kuioletsa. M'malo mwake sunthirani mphika pamthunzi wozizira, wazani timadzi pa masamba ndi pansi pozungulira, ndipo madzulo mudzaona masamba atadzuka. Madzi a sopo wocapira zobvala ndi madzi a mcere asathiridwe mumphika.

Fuchsia imadya ndithu, pakuti imaphuka maluwa kwa miyezi yambiri, koma idye pang'onopang'ono. Manyowa oola oviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, madziwo n'kusungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mphamvu, angathiridwe kamodzi pa masabata awiri pamene mbeu ikukula. Amene ali ndi Compound D wotsala kumunda atsine pang'ono cabe ndi kuika m'mphepete mwa mphika, kutali ndi tsinde. Urea ndi wa cimanga. Dzanja limodzi la iye mumphika limapsereza mizu. Mbeu yofota ndi kutentha kapena youma dothi isapatsidwe feteleza kufikira itatsitsimuka.

KUTSINA NSONGA NDI KUCULUKITSA MBEU

Maluwa a fuchsia amabadwa pa nthambi zatsopano, motero nthambi zikaculuka maluwa naonso aculuka. Njira yake ndi kutsina nsonga. Kambande kakakhala ndi masamba awiriawiri pa mfundo zitatu, tsinani kansonga ka pamwamba ndi zikhadabo. Pa mfundo za m'munsi padzatuluka nthambi zatsopano. Nazonso zikatalika mfundo ziwiri kapena zitatu, zitsineni. Kucita motero kawiri kapena katatu kumapanga citsamba cozungulira bwino. Dzanja limalemera kutsina mbeu imene ikukula mokondwa, koma akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mukaleka kutsina, maluwa amabwera patapita masabata 6 mpaka 8, ndipo a masamba ounjikana amacedwerapo. Maluwa akafota cotsani pamodzi ndi kacipatso ka kumbuyo kwake, kuti mphamvu isathere ku njere.

Ubwino waukulu wa duwali ngwakuti siligulidwa kawiri. Dulani kansonga kanthete kotalika masentimita 5 mpaka 8 ndi lezala loyera, kunsi pang'ono kwa mfundo. Cotsani masamba a m'munsi ndi timaluwa tonse, musiye masamba a kunsonga okha. Zikani m'kacitini ka mcenga wonyowa wosakaniza ndi dothi la masamba, bvundikirani ndi botolo la pulasitiki lodulidwa pakati, ndipo ikani pamthunzi powala. Pakatha masabata awiri kufikira anai mizu imakhala itatuluka, ndipo cizindikiro cake ndi timasamba tatsopano kunsonga. Tsono mbande imodzi ingakwanire mudzi wonse. Gawanani, pakuti caka cimene lanu lidzafa mudzakatenga kanthambi kwa mnansi amene munampatsa. Kupatsa nkuika.

Nchito ya caka iyende motere. Mvula ikamatha, m'Malici mpaka Meyi, ndiyo nthawi yodula timitengo tomeretsa, pakuti kunja kwayamba kuzizira ndipo cinyezi cikadalipo. M'Juni ndi Julayi cepetsani madzi, ndipo usiku wa cisanu lowetsani miphika pakhonde, makamaka inu okhala pafupi ndi madambo. Cisanu cikatha duliraniko nthambi za mbeu zakale ndi kusintha dothi la pamwamba. Kuyambira Seputembala kufikira mvula yoyamba musayembekeze zambiri, nchito ndi kusunga moyo basi. Mitundu yambiri imaphuka bwino masiku akatalika, cotero mphotho yanu idzabwera ndi dzinja, pamene mitambo yaphimba dzuwa ndipo mphepo yazizira. M'miyezi imeneyo yang'anirani kuti mabowo a mphika asatsekeke ndi kuti madzi a padenga asagwere pa duwa.

ADANI AKE

Alimi a m'madimba adzawazindikira adani a fuchsia, pakuti ndi omwe aja a matimati. Tinchenche toyera timabisala kunsi kwa masamba ndipo timauluka mukagwedeza nthambi. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana kunsonga zanthete. Akangaude ofiira, ocepa ngati fumbi, amabwera kukatentha ndi kuuma, ndipo masamba amacita mathothomathotho acikasu ndi kuyoyoka. Mankhwala oyamba ndi maso: tembenuzani masamba kawiri pa sabata, tsukani kunsi kwake ndi madzi, phwanyani nsabwe ndi zala, ndipo miphika isayandikane ndi matimati. M'dzinja kumabwera dzimbiri, timadontho ta mtundu wa lalanje kunsi kwa tsamba. Masamba otero athotholedwe ndi kuochedwa, ndipo miphika italikirane kuti mphepo idutse. Mankhwala ophera tizirombo ta thonje asapoperedwe pakhonde pamene ana amasewera ndi pamene anthu amadyera. Za mbuzi sitinena zambiri: mpanda ndiwo yankho.

Pali mdani wina amene tiyenera kumdziwa ngakhale ali wa kutali. Ndi kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa Aculops fuchsiae, kamene kwao ndi ku Brazil. Kamapotokola nsonga za nthambi mpaka zitupe ndi kuleka kubala maluwa. Kanapezeka ku California mu 1981, ku France mu 2003 ndi ku England mu 2007, ndipo kwabvutitsa kwambiri alimi a maluwa kumeneko. Kamayenda ndi timitengo timene anthu amapatsana ndi kunyamula m'zikwama. Cotero m'bale wanu wokhala kunja akafuna kukubweretserani kanthambi mobisa, mkanizeni. Mbeu yolowa m'dziko imafuna cilolezo ca a Unduna wa za Ulimi, ndipo lamulo limenelo linaikidwa kuti liteteze minda yathu tonse.

Tikumbukirenso kuti duwa la pakhomo lingasanduke udzu woipa. Lantana anabwera ngati duwa lokongoletsa mipanda, koma lero wadzaza m'machire ndi m'mabusa, ndipo amadwalitsa ng'ombe. Fuchsia nayo inathawa m'minda ndi kulowerera nkhalango za m'mapiri pa cisumbu ca Réunion. Kutentha kwa kuno sikuilola kufalikira motero m'malo ambiri, koma okhala m'mapiri ozizira asataye nthambi zake m'mbali mwa mitsinje. Zodulidwa ziume pabwalo ndi kuochedwa.

MAU OTSIRIZA

Ku America maluwa a fuchsia amaceredwa ndi timbalame tating'ono totha kuima m'malere pamene tikumwa timadzi take totsekemera, ndipo ndi cifukwa cake duwalo liri lofiira ndi lolendewera. Timbalame timeneto kuno kulibe, koma tiri ndi coso wa mlomo wautali, amene naye amakonda maluwa otere. Coso safika pabwalo la mbee. Amafuna nthambi yoterapo. Mwaona tsono kuti mbalame, duwa ndi munthu onse apempha cinthu cimodzi kwa mwini khomo.

Cotero, owerenga athu, musathamangire kwa wogulitsa mbande mwezi uno. Yambani mwaima pabwalo panu dzuwa liri pamutu, muone pamene mthunzi wagwa. Ngati ulipo ca kum'mawa kwa nyumba, funani mtsuko wong'aluka, konzani dothi, pemphani kanthambi kwa mnzanu mvula ikamatha, ndipo dekhani, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mthunzi palibe, kumbani dzenje, mvula yoyamba ikagwa mubzalemo mtengo, ndipo muuchingire mbuzi. Duwa lidzakudikirani. Ndipo ngakhale mutadzasintha maganizo osalibzala konse, ana anu adzakhala pansi pa mtengowo ndi kudya zipatso zake.